Kalata yotseguka kwa atsogoleri a m'chigwa cha Shire: tikonzereni bwalo losakondera

Kwa Gogo Mfumu Yaikulu Lundu ndi mafumu onse a m'chigwa chino, mabwanamkubwa a Chikwawa ndi Nsanje, olemekezeka aphungu ndi makhansala athu,

Landirani ulemu wanga, makolo anga ndi mabwana anga. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, mwana wa mlimi wa thonje, wobadwira ndi kukulira m'chigwa muno. Ndalemba poyera chifukwa nkhaniyi imayankhulidwanso poyera, pa misonkhano imene inu mumakhala pa mipando ya kutsogolo, ife titakhala pansi m'munsi mwa mtengo wa nimu.

Mlendo akatsika mtsetse wa ku Thabwa kudzatsegulira chitukuko, sachedwa kutiuza kuti vuto lathu ndi kaganizidwe. Akuti anthu a kuno tilibe mtima wopikisana, tidazolowera kulandira, ndipo mnzathu akayamba kutukuka timamugwira mwendo. Akatero amayamba kutchula mayiko: onani a ku Korea, onani a ku Rwanda, onani a ku Kenya mmene amathamangira. Inu n'kuwomba m'manja. Masomphenya a Malawi 2063 nawonso adaika kusintha kaganizidwe poyambirira penipeni. Sindikukana kuti mitundu ya anthu imasiyana pa nkhani yopikisana, imasiyanadi. Chimene ndikukana n'chakuti kusiyanako kuli m'magazi. M'mayiko otchulidwawo mudapezeka atsogoleri amene adalambula bwalo, adaika malamulo omveka kwa aliyense, n'kupereka mphotho kwa amene wapambanadi. Anthu adayamba kulimbikira ataona zimenezo. Bwalo lotere kuno silidalambulidwe, ndipo makasu ake ali m'manja mwanu.

Tiyambire ku South Korea komwe amakonda kutchulako. Mu 1970 midzi yambiri ya kumeneko idali ya nyumba zofolera udzu, dziko lisadachire bwino ku nkhondo ya 1950 mpaka 1953. Boma la Park Chung-hee lidayambitsa ntchito yotchedwa Saemaul Undong. Lidapereka matumba a simenti 335 ku mudzi uliwonse, midzi yoposa 33,000, n'kuuza anthu kuti amangire chinthu chokomera mudzi wonse, kaya chitsime, kaya mlatho, kaya malo ochapira. Chaka chotsatira akuluakulu adayendera midziyo. Pafupifupi theka ndi limene lidapezeka kuti simenti ija lagwiritsa ntchito bwino, ndipo midzi imeneyo yokha ndiyo idalandira matumba ena 500 ndi tani imodzi ya zitsulo zomangira. Inayo sidalandire kanthu. Anthu a m'midzi yotsalayo ataona zimene anzawo amanga, ambiri adayamba kusonkha okha kuti nawonso awerengedwe.

Muonetsetse apa, mabwana. Sadayambanitse munthu ndi mbale wake. Adapikisanitsa mudzi ndi mudzi, kotero kuti wofuna kupambana adayenera kudzutsa mnansi wake m'mamawa kuti apite limodzi kuntchito. Chopambanira chake chidali chinthu chooneka ndi maso, choti ngakhale agogo osadziwa kulemba akadatha kuloza ndi ndodo yawo n'kunena kuti awa agwira ntchito, awa adya simenti.

Komatu wotamanda Korea azitamanda atanena zonse. Park adali msilikali wolamula ndi nkhanza. Ndipo mtima wopikisana utalowa m'nyumba, udayamba kudya ana. Lero mwana wa kumeneko amachoka kusukulu n'kulowanso sukulu ina yolipira mpaka usiku, kukonzekera mayeso a tsiku limodzi a mu Novembala otchedwa Suneung. Tsiku limenelo ngakhale ndege zimaletsedwa kunyamuka kapena kutera pa nthawi imene ana akumvetsera mafunso a Chingerezi. Mwa mayiko olemera, Korea ili pamwamba pa chiwerengero cha anthu odzipha. Mu 2023 chiwerengero cha ana obadwa kwa mayi mmodzi chidatsika kufika pa 0.72, kusonyeza kuti achinyamata ambiri akuopa kubereka mwana woti adzalowe m'liwiro lomwelo. Ine monga mphunzitsi sindingafunire ana anga zimenezo, ngakhale mutandilonjeza misewu ya phula mpaka ku Marka.

Ku Norway zinthu n'zosiyana kotheratu. Malamulo a zamasewero a ana kumeneko salola kusanja mayina kuti uyu woyamba, uyu wotsiriza, mwana asadafike chaka chimene akukwanitsa zaka 11, ndipo mpikisano wolimbirana ukatswiri wa dziko lonse suloledwa asadafike zaka 13. Wina angaganize kuti ana otere amakula aulesi. Koma dziko limeneli, la anthu osafika 6 miliyoni, lidatenga mendulo 39 pa masewero a Olimpiki a m'nyengo yozizira mu 2018, kuposa dziko lina lililonse, ndipo masewerowo adachitikira ku Korea komweko. Iwo amasunga ana ambiri m'bwalo kwa nthawi yaitali, osathamangitsa wofooka msanga, podziwa kuti mwana amene akutsalira ali ndi zaka 9 angathe kudzakhala katswiri ali ndi zaka 19.

Za a ku Kenya nazonso zimanenedwa mopereweza. Pa 12 Okutobala 2019 Eliud Kipchoge adathamanga mtunda wa makilomita 42 ku Vienna osakwanitsa maola awiri. Dziko lonse lidaona munthu mmodzi, koma tsiku limenelo padali othamanga anzake 41 amene ankasinthana kumutsogolera ndi kumutchingira mphepo. Kumsasa kumene amakonzekera ku Kaptagat, iye ndi achinyamata osatchuka amadya limodzi ndi kugawana ntchito zosesa. Ku Jamaica, kwawo kwa Usain Bolt, mpikisano wa liwiro wa sukulu za sekondale udayamba mu 1910 ndipo umachitika chaka ndi chaka, anthu n'kudzaza bwalo lalikulu la dzikolo kudzaonerera ana asukulu. Mwana waliwiro kumeneko sangabisike, chifukwa pali njira yodziwika yochokera pabwalo la sukulu yake kukafika pamaso pa aphunzitsi a akatswiri.

Tsono tibwerere kwathu. Amene amati anthu a m'chigwa sadziwa kupikisana sadakhalepo pa dima. Ine ndidakula ndikuona: anthu andanda kumayambiriro kwa munda dzuwa lisadatuluke, aliyense ndi ndime yake, makasu akutsika pamodzi, fumbi lili koboo, wina akuyambitsa nyimbo yonyogodola amene watsalira. Mnyamata amalima thukuta lili kamukamu kuti asapitiriridwe ndi mnzake pamaso pa atsikana obweretsa thobwa. Koma womaliza ndime yake sakhala pansi. Amatembenuka n'kuyamba kulima chakumapeto kwa ndime ya wotsalirayo kuti akumane pakati, chifukwa chakudya sichitsegulidwa munda usadathe. Makolo athu adalinso ndi magulu a nomi, anyamata ndi atsikana olima m'minda ya anthu pa malipiro, n'kusunga zimene apeza kuti adzachite phwando nyengo ikatha. Pitani pa bawo madzulo ku Ngabu kapena ku Bangula mukaone ngati pali munthu wolola kugonja. Pitani pa mpikisano wa makwaya, kapena pamene midzi iwiri yakumana pa mpira, kapena pamene oimba valimba awiri apezeka pa chisangalalo chimodzi. Mtima wofuna kupambana ulipo, wochuluka. Umangosowa kolowera pa zinthu zotukula moyo.

Chimauphimba choyamba ndi mantha, ndipo apa ndikuyang'ana kwa inu, mafumu anga. Munthu akakolola matumba ambiri a mapira kuposa anansi ake, kapena ng'ombe zake zikaswana bwino, kapena akafolera malata, sipatenga nthawi kuti manong'onong'o ayambe. Akuti ngokhwima. Akuti amakawa za m'minda ya anzake usiku. Mwana wa mnansi akadwala kapena ng'ona ikagwira munthu padooko, dzina lake ndi limene limatchulidwa. Ndikudziwa alimi akhama amene amasunga mbuzi zawo kwa achibale kumidzi ina kuti asaoneke opeza bwino, ndi ena amene adasamukira kutauni atatopa ndi kulozedwa chala. Nyimbo ya fuko lathu imatchula nsanje pamodzi ndi njala ndi nthenda, ndipo timaiimba pa mzere m'mawa uliwonse, koma kuimba sikuteteza munthu usiku umene gulu labwera ndi miyala. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mfumu imene imalola mlandu wotere kukambidwa pabwalo pake, kapena kulola kuti aitanitse wosaka mfiti, ikuphunzitsa mudzi wonse kuti kukhala pakati n'kwabwino kuposa kutsogola. Ndikupemphani kuti mlimi wokolola zambiri muzimuitana pabwalo kuti afotokozere anzake mbewu imene adabzala, tsiku limene adabzala ndi mmene adapalirira, mfumu ili pambali pake. Anthu akaona kuti mfumu yamugwira dzanja, wonong'ona amasowa poyambira.

Chachiwiri n'chakuti anthu adaphunzira, ndipo adaphunzira molondola, kuti kudziwana kumalipira kuposa kulimbikira. M'kalasi mwanga mudali mtsikana wina amene ankathamanga wopanda nsapato pa mchenga wotentha wa mu Okutobala, anyamata akuluakulu n'kumutsatira m'mbuyo akupuma wefuwefu. Adapambana pasukulu, adapambananso pamene sukulu zoyandikana zidakumana. Titafika poti apite ku mpikisano wa boma lonse, tidauzidwa kuti ndalama zoyendera palibe. Patapita masiku tidamva kuti galimoto idapita ndithu, itanyamula ana ena amene sadapambane paliponse. Ndidamuuza ndekha mtsikanayo, ndipo sadalire. Adangoti, “Chabwino aphunzitsi,” n'kutola tsache kukasesa. Chaka chotsatira adakana kulowanso pa mzere wothamanga. Mwana wotere mukadzakumana naye atakula, adzakuuzani kuti kulimbikira n'kutaya nthawi, ndipo mlendo wa pa msonkhano uja adzalemba m'buku lake kuti anthu a kuno alibe mtima wopikisana.

Zomwezi zimachitika pa mndandanda wa olandira zipangizo zaulimi zotsika mtengo, pa ntchito zolambula misewu, pa thandizo la fizi. Zimachitikanso pamsika. Mayi amene wapeta chitowe chake mpaka kuyera, ndi mnzake amene wasiyamo mchenga kuti chilemere, vendayo amawagula pa mtengo umodzi, pa sikelo yoti kasupe wake adaufinya kale. Chaka chamawa mayi woyamba uja adzapeteranji? Ulimi wa thonje, umene udaphunzitsa ambiri a ife, ukuzilala chifukwa mlimi wopopera mankhwala pa nthawi yake ndi kutola mosamala saona kusiyana kwenikweni m'thumba. Kuyendera masikelo m'misika ndi kuonetsetsa kuti mitengo imene boma lalengeza ikutsatidwa si nkhani ya kaganizidwe ka mlimi. Ndi ntchito ya maofesi.

Chachitatu ndi madzi, ndipo pano ndikufuna mlendo aliyense amvetse asadatiweruze. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023: munthu mmodzi yemweyo wayambiranso moyo kanayi m'zaka zosakwana khumi. Amene adaona khola la mbuzi, nkhokwe ndi nyumba zikupita usiku umodzi amadziwa kuti chimene chidamupulumutsa ndi mbale wa kumtunda amene adamupatsa pogona, ndi mnansi wa bwato amene adamuchotsa mumtengo. Munthu wotere sangamane mnzake kuti iye yekha atsogole, popeza chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kugawana kwathu si ulesi, ndiye inshuwalansi yokhayo imene tili nayo. Mtima womwewu ndi umene udalandira abale athu othawa nkhondo ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, pamene dziko lino lidasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ochuluka ndithu ali kuno ku Nsanje ndi Chikwawa, mpaka mtendere utabwera mu 1992. Aliyense wofuna kutiphunzitsa mpikisano woti titaye zimenezi akutiphunzitsa imfa.

Madzi omwewa amapotoza ngakhale mipikisano imene ilipo kale. Mwana wa ku Makhanga kapena kwa Nyachikadza amene sukulu yake idasanduka msasa wa othawa madzi, mabuku ake atanyowa, amalemba mayeso a Sitandade 8 tsiku limodzi ndi mwana wa mu mzinda wa Blantyre amene sadajombe ngakhale sabata imodzi. Kuli ngati kuthamangitsa wosenza mtolo wa nkhuni ndi wopanda kanthu kumutu, kenako n'kumadzudzula wosenzayo kuti alibe liwiro. Zotsatira zikatuluka maboma athu ali kumunsi, musamafulumire kuloza makolo ndi ana. Funsani kuti ndi masiku angati amene sukuluzo zidatsekedwa, ndi aphunzitsi angati amene adatumizidwa tsidya la kum'mawa kwa Shire n'kukhalitsako.

Pomwe bwalo lidakonzedwa bwino, anthu a kuno aonetsa zimene angathe. Alimi a nzimbe a ku Phata adaphatikiza minda yawo kukhala kopaletivi, amagulitsa nzimbe ku fakitale ya shuga ya ku Nchalo, ndipo amakwaniritsa miyezo ya malonda achilungamo ya Fairtrade imene ogula a kunja amafuna. Alimi a mpunga a ku Muona ndi ku Nkhate sadikira kuuzidwa kuti dzuwa latuluka. Tsopano ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme ikuchokera ku Kapichira, ndipo cholinga chake n'kudzathirira mahekitala oposa 43,000 mpaka cha ku Bangula. Alimi akuphatikizanso minda m'makopaletivi. Apa ndiye pamene tidzaone ngati mukunena zoona. Ngati mipando ya m'makomiti, ntchito ndi magawo a phindu zidzayendera ubale ndi chipani, madziwo adzafika koma mtima wa anthu udzakhala womwe uja. Koma makopaletiviwo akamadzaikidwa poyera nyengo iliyonse, kuti awa akolola zakuti pa hekitala, awa abweza ngongole, awa agawana phindu lakuti, mudzaona alimi akupita okha kukafunsa anzawo chinsinsi.

Chimene ndikupempha si chodula. Sankhani zinthu zochepa zooneka ndi maso zimene midzi ingapikisanepo: mitengo yobzalidwa m'mbali mwa Mwanza, Mkombedzi ndi Thangadzi imene yapulumuka chaka chathunthu, osati yongobzala tsiku la mwambo, mijigo imene ikugwirabe ntchito chifukwa komiti ikusonkhetsa ya zokonzera, atsikana amene adayamba Sitandade 5 ndipo afika Sitandade 8. Malamulo alengezedwe pa wailesi za m'dera, mu Chichewa ndi mu Chisena, mpikisano usadayambe. Oweruza achokere kwa mfumu ina. Midzi ya m'madambo ipikisane yokhayokha, ya kumtunda yokhayokha. Mphotho ikhale ya mudzi wonse, ndipo ifike pa tsiku limene mudalonjeza. Koma chimanga cha njala ndi malo a m'misasa zisalowe m'mpikisano uliwonse. Wanjala apatsidwe chifukwa ali ndi njala, mudzi wake upambane kapena ugonje.

Olemekezeka aphungu, zikho za mpira zimene zimachuluka chisankho chikayandikira n'kuzimiririka mavoti akawerengedwa sizikula mwana. Mwai Kumwenda adachokera kumudzi ku Mzimba n'kukasewera ntchemberembaye ku Australia. Tabitha ndi Temwa Chawinga adachokera ku Rumphi, ndipo Temwa adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya mpira wa amayi ya ku America mu 2024. Ana otere aliponso kwa Chapananga ndi kwa Ndamera. Chimene akusowa ndi mpikisano wa sukulu wodziwika tsiku lake chaka chilichonse, ndalama zoyendera zosungidwa padera, ndi munthu wolemba mayina a opambana amene sangasinthe mndandanda usiku. Kwa ana aang'ono titengere nzeru ya ku Norway: onse asewere, osasanja mayina. Kusankhana kuyambe akakula.

Inunso lowani m'bwalo. Ku Rwanda kuyambira 2006 akuluakulu a maboma amasaina pamaso pa mtsogoleri wa dziko malonjezo otchedwa imihigo, onena zimene achite chaka chimenecho, ndipo chaka chikatha amayesedwa n'kusanjidwa poyera. Njirayi ili ndi chilema chake, chifukwa ena amadandaula kuti mantha amachititsa akuluakulu kukometsera ziwerengero kapena kukakamiza anthu. Ife tingatengeko mbali yabwino yokha, yonena poyera. Makhonsolo athu boma limawayesa kale chaka ndi chaka, koma zotsatira zake zimathera m'malipoti a Chingerezi amene mayi wa kwa Mlolo sadzawaona. Tiuzeni pa chiyambi cha chaka, pa bolodi la pa ofesi ya mfumu iliyonse, kuti ndalama za chitukuko cha m'dera zabwera zingati ndipo mumanga chiyani, kuti. Chaka chikatha bwerani pamalo omwewo tidzawerengere limodzi, Chikwawa pambali pa Nsanje, dera la phungu uyu pambali pa la mnzake. Simungatiuze kuti tizipikisana inu mukukana kuyesedwa.

Msonkhano wotsatira wa komiti ya chitukuko ya dera lathu ndidzapezekapo, ndipo ndidzapempha zinthu ziwiri zoyambira: kuti tsiku la mpikisano wa liwiro wa sukulu zonse za boma lino lilengezedwe teremu yachiwiri isadayambe, ndi kuti mayina a ana opambana m'gawo lililonse amatidwe pa bolodi la sukulu tsiku lomwelo, aphunzitsi ndi makolo atasainira. Ndikupempha mabwanamkubwa kuti atumize woyankha amene ali ndi mphamvu zovomera kapena kukana.

Ine mwana wanu,
Mphunzitsi wa m'chigwa cha Shire